Tisawaseke Akulu Obwerera ku Sukulu

Ndifuna kunenapo maganizo anga pa nkhani imene ndiona kuti itikhudza tonse. Nkhaniyi ndi ya anthu akuluakulu, ambiri a iwo abambo ndi amayi a pabanja, amene makono ano akubwerera ku maphunziro a ku koleji. Iwo sakhala pa desiki monga tichitira ife, koma aphunzira ali kwawo, pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta. M'midzi ya kwa Dzoole, pa Mponela, pa Madisi, mpaka ku mapiri a Ntchisi, anthu otere alipo ndithu. Ena ndi aphunzitsi a ku pulayimale, ena alangizi a zaumoyo, ena alembi a m'maofesi, ndipo ena ndi alongo athu amene adasiyira sukulu panjira.

Kawirikawiri ndamva anzanga akuwaseka anthu amenewa. M'chipinda chogona, magetsi atazimitsidwa, wina amayamba kutsanzira m'mene bambo wachikulire abayira foni ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, ndipo chipinda chonse chimafa ndi phwete. Wina amati, "Adali kuti nthawi ya sukulu?" Wina amati, "Digiri ya pa foni nayonso ndi digiri?" Ine ndikuti kuseka kumeneku nkolakwa, ndiponso nkopanda nzeru, pakuti njira imene tikuisekayo ndiyo imene ambiri a ife tidzayendamo. M'malo moseka, ife ophunzira a ku sekondale tili ndi udindo wowathandiza. Ndipempha kuti mundimvere mpaka kumapeto, ndipo amene sagwirizana nane adzandiyankhe m'magazini yotsatira.

Poyamba tiyeni tidziwe kuti kuphunzira munthu ali kutali ndi mphunzitsi si chinthu chachilendo m'dziko lathu lino. Mu 1965, chaka chimodzi chokha titalandira ufulu wodzilamulira, boma lidatsegula Malawi Correspondence College chifukwa malo m'sukulu za sekondale adali ochepa zedi. Maphunziro ankayenda pa mtokoma. Wophunzira ankalandira mapepala ku positi ofesi, nkuwerenga, nkuyankha mafunso, nkuwatumizanso kuti akachongedwe, ndipo maphunziro ena ankamveka pa wailesi. Mu 1987 kolejiyo idasintha dzina nkukhala Malawi College of Distance Education, imene makolo athu amangoitchula kuti MCDE. Malo ake ophunzirirapo adafalikira m'maboma onse, ndipo mu 1998 boma lidawasandutsa sukulu za sekondale zoyendera zimene lero tizitcha CDSS. Tsono amene aseka maphunziro a patali akumbukire kuti sukulu zambiri zimene abale athu aphunzirako zidabadwa kuchokera m'maphunziro omwewo. Chimene chasintha ndi chonyamulira chokha. Kale pepala linkatha masabata lili pa ulendo, lero lifika m'kuphethira kwa diso.

Kunja kwa dziko lino nakonso nchimodzimodzi. University of South Africa idayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata mu 1946. Nelson Mandela adamaliza digiri yake ya zamalamulo pa yunivesite imeneyo mu 1989, ali m'ndende, ali ndi zaka zoposa 70. Kodi alipo pakati pathu amene akadalimba mtima kumufunsa kuti adali kuti nthawi ya sukulu?

Funso limenelo, lakuti adali kuti, liyenera kuyankhidwa, pakuti yankho lake lichotsa chitonzo chonse. Ambiri mwa akulu amenewa sadasiye sukulu chifukwa cha ulesi. Ena adakhoza bwino mayeso koma malo ku yunivesite adasowa. Ena fizi idawakanika chaka chimene fodya adagulidwa motchipa, kapena chaka cha njala monga 2002, pamene mabanja adagulitsa mbuzi ndi njinga kuti apeze chimanga. Ena adamwalira makolo, ndipo mwana woyamba adasiya mabuku kuti alere azing'ono ake. Atsikana ambiri adachotsedwa sukulu chifukwa cha pakati, ndipo mpaka 1993 padalibe lamulo lowalola kubwereranso akabereka. Komanso mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Padafunika aphunzitsi mwamsangamsanga, ndipo anyamata ndi atsikana zikwizikwi adaitanidwa kukagwira choko asadaphunzire mokwanira za uphunzitsi. Iwo adavomera, nkumaphunzitsa makalasi a pansi pa mitengo. Ngati ena a iwo, kapena amene adabwera pambuyo pawo, afuna lero kuonjezera maphunziro, kodi pali choseketsa? Munthu amene adatiphunzitsa ife kulemba dzina lathu tingamuseke bwanji pamene iye aphunzira kulemba pa kompyuta?

Khomo lidatseguka pang'onopang'ono. Domasi College of Education idayamba mu 2000 kuphunzitsa dipuloma kwa aphunzitsi ali pa ntchito zawo. Mzuzu University idalandira ophunzira oyamba a maphunziro a patali mu 2011, ndipo LUANAR ya ku Bunda nayo idatsatira. Kachitidwe kake nkakuti wophunzira amapita ku koleji masabata owerengeka kukaonana ndi aphunzitsi, kenaka nkubwerera kwawo ndi mabuku, ndipo zotsalazo zimayenda pa intaneti: zowerenga, zokambirana za pa gulu, ndi ntchito zimene ayenera kutumiza tsiku loikika lisadapite. Ubwino wake ngoonekeratu. Mphunzitsi sasiya kalasi yake, malipiro ake saima, munda wake sugonera, ndipo ana ake amamuona tsiku ndi tsiku.

Chitsanzo china chili m'boma lathu lomwe lino la Dowa. Ku Dzaleka, kumene kale kudali ndende, kudasanduka malo osungirako anthu othawa kwawo mu 1994. Mu 2010 ansembe a Jesuit adayambitsa kumeneko maphunziro a pa intaneti, ndipo anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda adayamba kuphunzira dipuloma ya Regis University ya mu mzinda wa Denver ku America, osachoka mu msasamo. Ambiri adali akuluakulu amene nkhondo idawadulira sukulu, ndipo Chingerezi sichidali chiyankhulo chimene adakulira nacho. Ngati munthu wotaya dziko lake, nyumba yake ndi mapepala ake adatha kukhala pa kompyuta nkumaliza maphunziro, ife tilibe chifukwa chonenera kuti za pa intaneti nza anthu a m'tauni okha.

Koma ndisanamize munthu kuti njirayi njapafupi. Ndi yolemetsa kwambiri kuposa yathu, ndipo apa ndi pamene ndifuna kuti tiganizirepo bwino. Ife timadzutsidwa ndi belu. Belu limatiitana ku phala, ku kalasi, ku nsima ndi ku kuwerenga kwa madzulo. Tikajomba, alipo wotilanga. Tikapanda kumva, timakweza mkono. Wamkulu wophunzira ali kwawo alibe belu, alibe womulondola, alibe womufunsa pafupi. Belu lake ndi mtima wake womwe. Masana ali pa ntchito. Akaweruka, kuli kumunda, kuli maliro a m'mudzi amene sangawajombe, kuli msonkhano wa kwa amfumu, kuli mwana wodwala malungo. Nyengo yosoka fodya m'chigafa sidikira kuti munthu amalize kulemba. Kwa mayi nkoposa apa, pakuti madzi, nkhuni, nsima ndi mbale zonse zidikira iye, ndipo buku amalitsegula anthu onse atagona.

Pamwamba pa izi pali mavuto a zipangizo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zidali za m'tauni. Kwathu kuno foni imatchajidwa pa sola yaing'ono kapena pa malo olipira a pa msika, ndipo mitambo ikachita masiku atatu, maphunziro amaima. Dziko lathu ndi la mapiri ndi zigwa, tsono netiweki imapezeka pa mtunda nkusowa kudambo. Si zachilendo kuona bambo waulemu wake ataima pa chulu, dzanja lili m'mwamba, kudikira kuti pepala lipite. Bandulo nayo imadya ndalama imene ikadagula sopo ndi mchere. Ife amene tidali ku pulayimale mu 2020 tikumbukira bwino. Sukulu zidatsekedwa pa 23 March chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa mu September. Ngakhale maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi, ndi angati mwa ife adawerenga mokhulupirika miyezi imene ija popanda wotikakamiza? Aliyense adziyankhe yekha. Chimene chidatikanika ife kwa miyezi isanu, akuluwa amachichita kwa zaka zinayi kapena kuposa.

Atsibweni anga ndi mmodzi wa iwo. Aphunzitsa ku pulayimale kwa zaka zambiri, ndipo tsopano akuchita maphunziro a patali. Pa tchuthi chapitachi adandiitana, nati, "Mphwanga, tabwera kuno. Ndalemba masamba asanu ndi limodzi, koma chinthuchi chikukana kuwalandira." Nditayang'ana ndidapeza kuti adajambula tsamba lililonse palokha, ndipo zithunzizo zidalemera kwambiri. Ndidawaonetsa m'mene angaziphatikizire kukhala chikalata chimodzi chopepuka, ndipo ntchito imene idawasowetsa tulo masiku awiri idatha madzi a tiyi asadawire. Koma nditawerenga zimene adalembazo, za m'mene mwana wa Sitandade 1 aphunzirira kuwerenga m'chiyankhulo chake, ndidaona kuti ine sindikadatha kulemba ngakhale ndime imodzi yotero. Nzeru zidali zawo. Changa chidali chala chokha. Pamenepa ndipo pagona mfundo yanga yonse: chimene chiwavuta akulu athu nchaching'ono ndipo ife tili nacho, pamene chimene ali nacho iwo nchachikulu ndipo ife sitidachipezebe.

Tsopano ndiyankhe zimene otsutsa amanena, pakuti zina mwa izo zili ndi nzeru.

Ena amati m'mera mpoyamba, mutu wa munthu wamkulu udauma. Mwambiwo ngoona, koma umatichenjeza ife ana kuti tisataye nthawi. Sunena kuti amene adachedwa asadzale konse. Mlimi mvula yoyamba ikamupita sangokhala manja lende, amadzala ndi yachiwiri. Nzoona kuti wamkulu saloweza msanga monga mwana, koma iye amadziwa chimene akuchifuna. Ife ambiri timawerenga chifukwa choopa mayeso. Iye akawerenga za kaphunzitsidwe, m'mawa mwake amakaziyesa pa ana ake a m'kalasi; akawerenga za nthaka, amakaziona m'munda mwake.

Ena amati ndalama zimene bambo alipira ku koleji zikadalipirira ana ake. Iyi ndi mfundo yolemera, ndipo sindiipeputsa. Alipo mabanja amene ayenera kusankha, ndipo ngati kusankhako kuchititsa kuti mwana akhale pakhomo, ine ndinganene kuti mwana atsogole. Koma nthawi zambiri sizikhala choncho. Mphunzitsi wa pulayimale akapeza dipuloma kapena digiri amakhala ndi mwayi wokwezedwa kapena wokaphunzitsa ku sekondale, ndipo phindu lake limagwera ana omwewo. Kuonjezera apo, mwana amene amaona amayi ake akuwerenga usiku safunikanso kuuzidwa kuti sukulu njofunika. Ndiponso sukulu zoyendera za kumidzi zakhala zikusowa aphunzitsi ophunzira mokwanira; tsono mphunzitsi mmodzi akaonjezera maphunziro, opindula ndi ana mazana.

Ena amati maphunziro a pa intaneti ngachinyengo, pakuti munthu akhoza kulemberedwa ndi wina, kapena kutapa mayankho pa makina. Chinyengo chilipodi, koma sichidayambe ndi intaneti. Ngakhale m'zipinda za mayeso a MSCE anthu adagwidwapo ndi likasa. Mankhwala ake si kunyoza ophunzira onse, koma kuti makoleji azilembetsa mayeso pamaso pa oyang'anira, ndi kuti ife othandiza tisakhale mbali ya chinyengocho. Alipo akathyali amene amalengeza makoleji abodza nkumatolera ndalama za anthu osauka. Chifukwa chake munthu asadalipire kanthu ayenera kufufuza ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, limene lidaikidwa kuti liziyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno. Pamenepanso ife tikhoza kuthandiza, pakuti kufufuza kotere nkosavuta kwa munthu wozolowera foni.

Nanga tichitenji? Ndili ndi zopempha zitatu.

Choyamba ndipempha anzanga. Pa tchuthi chikubwerachi aliyense wa ife apeze wamkulu mmodzi wa m'mudzi mwake amene akuphunzira kapena afuna kuyamba, ndipo amuphunzitse zinthu zing'onozing'ono izi: kutsegula ndi kutumiza kalata ya pa intaneti, kusunga chimene walemba kuti chisatayike foni ikazima, kutumiza ntchito ku koleji ndi kuonetsetsa kuti yafikadi, kukopera zowerenga pamene netiweki ili bwino kuti akaziwerenge kunyumba, ndi kutseka zinthu zimene zimadya bandulo mwakachetechete, monga makanema obwera okha pa WhatsApp. Koma pophunzitsapo pafunika khalidwe. Tisawalande foni m'manja nkuwachitira, pakuti mawa tikabwerera ku sukulu adzasowanso pogwira. Foni ikhale m'manja mwawo, ife tizingoloza, ngakhale abwereze kasanu. Tisaphunzitse wamkulu pagulu kapena pamaso pa ana ake, ndipo tisakafalitse kwa anzathu zimene zidawavuta. Munthu wa imvi akadzichepetsa nkufunsa mwana, wachita chinthu chovuta. Safunsa adadya phula, koma wofunsa akasekedwa safunsanso. Koposa zonse, tisawalembere ntchito yawo, ngakhale atatipempha. Kutero nkuwabera chimene adalipirira.

Chachiwiri ndipempha aphunzitsi athu akulu pamodzi ndi komiti ya sukulu, mwaulemu wonse. Chipinda chathu cha makompyuta chimakhala chotseka Loweruka masana, pamene aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale zotizungulira akuvutika kulemba masamba khumi pa kafoni kakang'ono. Kodi sikungatheke kuchitsegula maola awiri kapena atatu, mphunzitsi mmodzi akuyang'anira, ndi ophunzira anayi kapena asanu odzipereka akuthandiza mosinthana? Ndidziwa kuti pali nkhawa ya magetsi ndi ya kuonongeka kwa zipangizo. Obwerawo akhoza kulembetsa maina ndi kusonkha kangachepe. Sukulu ino idamangidwa pa nthaka ya anthu a kuno, ndipo nkoyenera kuti nyali yake iwaunikireko nawonso. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndipempha kuti tisinthe m'mene tiganizira za tsogolo lathu. Pano timalankhula ngati kuti moyo uli ndi makomo awiri okha: kusankhidwa kupita ku yunivesite, kapena kuthera pompo. Tiyeni tinene zoona. Chaka ndi chaka okhoza MSCE amachuluka kuposa malo a m'mayunivesite a boma. Mwa ife amene tikudya nsima pamodzi lero, ena maina awo sadzatuluka ngakhale atakhoza. Ena adzasankhidwa koma ndalama zidzawakanika. Ena adzayamba ntchito, nkukwatira kapena kukwatiwa, ndipo patapita zaka khumi kapena makumi awiri adzaona kuti pepala limene ali nalo silikuwafikitsa kumene afuna. Tsiku limenelo adzakhala pa mkeka usiku, ana atagona, akulimbana ndi makina atsopano amene lero sitingawaganizire nkomwe, ndipo adzafuna mwana wa sukulu woleza mtima woti awalozere pobaya. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndiponso pali chimene ife tingatengeko kwa iwo lero lomwe. Munthu amene amadzuka tambala woyamba kuti awerenge asadapite ku ntchito, popanda belu ndi popanda chilango, ali ndi mwambo umene ife tiusowa. Ife tili ndi magetsi, laibulale, aphunzitsi ndi chakudya chophikidwa kale, komabe nthawi yowerenga madzulo ena amaodzera, ena amalemba makalata achikondi. Tikadakhala ndi theka chabe la khama la akuluwa, zotsatira za mayeso pa sukulu pano zikadadabwitsa boma lonse la Dowa.

Tsono, anzanga, mukadzaona bambo kapena mayi ataima pa chulu ndi foni m'manja, kapena atakhala pa sitolo ya pa Mponela kudikira kuti batire lidzaze kuti akamalize ntchito ya ku koleji, musabise kumwetulira kuseri kwa dzanja. Mupatseni moni monga ayenera wamkulu, ndipo ngati aoneka kuti wasowa pogwira, mufunseni mwaulemu ngati mungathandizepo. Iye ndi wophunzira mnzathu, wa kalasi yovuta kuposa yathu.

Wophunzira wa Fomu 3